Kalavati ya Mfumu Mwinizonse

Ku Weramani munthu sayang'ana Mfumu kupyola m'mawondo. Mwambowu ndi wakale kuposa ngakhale nyumba yachifumu, ndipo eni dziko amaunyadira monga ena amanyadira phiri la kwawo. Mwana akangoyamba kuyenda amamuphunzitsa kuwerama, moti pofika msinkhu wokwatira amakhala akudziwa nyerere zonse za m'dera lake. N'chifukwa chake ku Weramani simungapeze munthu wolasidwa munga kuphazi, ngakhale ambiri ali ndi zipsera pamphumi.

Mfumu yawo, Mwinizonse Wachinayi, anthu ankaidziwira ku nsapato. Ikavala zakuda, aliyense ankadziwa kuti lero kuli nkhani ya msonkho. Ikavala zofiirira, ndiye kuti yadzuka bwino. Chala chachikulu chikayamba kugwedera m'kati mwa nsapato, nduna iliyonse inkayamba kukumbukira machimo ake. Zithunzi za Mfumu za m'maofesi zinali za nsapato zokhazokha, poti wojambulayo nayenso anali mzika yoleredwa bwino.

Chilango cha munthu wodzutsa maso ana asukulu ankachiloweza pamtima: wolakwayo aperekezedwe wapansi ndi nduna zonse, zitavala zaulemu, ng'oma ikulira, mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Tidzaonamawa, akamusiye komweko. Koma popeza panalibe amene anadzutsapo maso kuyambira nthawi ya makolo, chilangochi chinangosanduka funso la pamayeso.

Kutsidya komweko n'kumene kunkakhala Nabiyeni, wapampando wa amayi ogulitsa ndiwo zamasamba mumsika wa Tingopirira. Madimba onse anali kutsidyako, msika unali kumzinda, ndipo mlatho wolumikiza mbali ziwirizi unapita ndi madzi chaka chimene mwana wake woyamba ankamera mano. Mwanayo tsopano anali atayamba kumeta ndevu. Amayi ankaolokera pa bwato limodzi lokalamba limene linkamwa madzi kuposa ng'ombe. M'dzinja tomato ankaolera m'madengu padooko podikira kuti mtsinje uphwe, ndipo dzinja lapitalo bwatolo linagubuduzika pakati pa madzi, mpiru wonse n'kupita kukadyetsa nsomba. Palibe amene anamira. Koma Nabiyeni, amene anamuvuula pomukoka tsitsi, analumbira akusanza madzi kuti chaka chino alankhula.

Polankhulira pake panali pamodzi pokha. Kamodzi pachaka, mvula isanagwe, Mfumu inkakhala pabwalo kumva madandaulo a anthu ake, ndipo tsikulo ankalitcha Tsiku la Khutu. Zaka zam'mbuyo dzuwa linkalowa nduna zikadathokoza Mfumu chifukwa cha dzuwa lomwelo, amayi a mumsika n'kubwerera ndi mawu awo m'kamwa. Koma chaka chino anavuta mpaka dzina la msika wawo linaikidwa poyambirira. Nabiyeni ankayeserera zokanena pamaso pa nkhuku zake m'mawa uliwonse, mpaka nkhukuzo zinayamba kumuthawa.

Tsikulo litayandikira, lipenga linalira mwadzidzidzi, anthu n'kuitanidwa kubwalo. Nabiyeni anagwada chakumbuyo pamodzi ndi mnzake Abiti Sumani, wogulitsa usipa, mayi amene lilime lake linali ndi mchere wambiri kuposa malonda ake. Nsapato zinatulukira. Zinali zofiirira. Bwalo lonse linapumira m'mwamba, maso ali pansi.

"Anthu anga," inatero Mfumu, "posanthula m'bokosi la malemu agogo anga, Mwinizonse Wachiwiri, ndapezamo chovala chaulemu chimene dziko lino linachiiwala. Dzina lake ndi kalavati. Ndi iyi ndavalayi. Mukuiona?"

"Tikuiona, wawa!" linayankha bwalo lonse likuyang'ana dothi.

"Yandikhala?"

"Yakukhalani zedi, wawa!"

Nduna Yaikulu, a Ndavomera, anawonjezera kuti chibadwire sanaonepo kalavati yokhala munthu chonchi. Apa ananena zoona.

"Basitu," inatero Mfumu. "Pa Tsiku la Khutu, aliyense wobwera ndi dandaulo avale kalavati ngati yangayi. Wopanda kalavati, khutu langa silimudziwa."

Nthungululu zinalira, nsapato zija n'kubwerera m'nyumba.

"Abiti," anatero Nabiyeni atatuluka pachipata, "kalavati n'chiyani?"

"Mukundifunsa ine, achemwali? Si inu mumakuwa kuposa tonse kuti mukuiona?"

"Ndimakuwa kuti asadziwe kuti sindikuiona."

"Ndiye tonse timakuwira chimodzi. Ine ndaona nyerere ziwiri zikulimbirana njere ya mpunga. Yaing'ono ndiyo yapambana."

Kukafunsa Mfumu sikukanatheka, chifukwa dziko lonse linali litanena kale kuti laiona. Antchito a kunyumba yachifumu analibe thandizo: ntchito yawo inkathera pa zingwe za nsapato, kuyambira m'mawondo kukwera m'mwamba Mfumu inkadzivalira yokha. Wometa Mfumu ankameta atatsinzina. Mkazi wa Mfumu atafunsidwa mwachinsinsi anangoti banja lawo ndi laulemu.

Choncho boma linachita chimene limachita nthawi zonse likasowa chochita. Linakhazikitsa Komiti Yofufuza Tanthauzo la Kalavati, motsogozedwa ndi Pulofesa Kalongolola, Nduna ya Mawu ndi Matanthauzo. Komitiyo inayamba yapita kuhotela ya kuphiri, kumene mphepo yozizira imathandiza maganizo, ndipo inabwerako itanenepa. Kenaka inaitanitsa msonkhano wa poyera. Nabiyeni anasiyira Abiti Sumani benchi yake kuti amuyang'anire, n'kupita kukakhala pamzere wakutsogolo.

Nduna ya Chitetezo inati kalavati ndi lamba. Nduna ya Maphunziro inati ndi chipewa cha anthu anzeru, ndipo inadandaula kuti ana amasiku ano sadziwa zinthu zoterezi. Kenaka panaimirira Nduna ya Zakunja, bambo amene anthu ankangowatcha a Sutukesi chifukwa ankapezeka m'dzikomo pobwera kudzachapitsa zovala basi.

"A wapampando," anatero a Sutukesi, "m'maulendo angamu ndinaionapo pa zithunzi zakale. Kalavati ndi kansalu kokulunga m'khosi, nsonga zake n'kuzilowetsa m'malaya. Njonda zamakedzana zinkavala imeneyo tayi isanatchuke."

Pulofesa Kalongolola anavula magalasi pang'onopang'ono.

"M'khosi," anatero. "Olemekezeka akuti m'khosi. Ndiye kuti Mfumu inavala chinthu m'khosi, n'kutifunsa ngati tikuchiona, ikudziwa bwino lomwe kuti maso athu sakwera kufika kumeneko? Mukufuna kunena kuti Mwinizonse sadziwa mwambo? Kapena mukuti tonse amene tinayankha kuti tikuiona tinanama, kuphatikizapo inuyo?"

A Sutukesi anati mwina anasokoneza ndi chinthu china. Anati maiko amene anapitako ndi ambiri, ndipo zithunzizo zinali zosaoneka bwino. Anathokoza a wapampando powawongola, n'kukhala pansi thukuta lili kamukamu.

"Tiyeni tiyende ndi nzeru," anapitiriza Pulofesa. "Mfumu inati tikuiona. Ife tinati tikuiona. Mfumu sinama, ifenso sitinama. Choncho kalavati ili penapake pakati pa mawondo ndi nthaka. Tsono tsiku lija, pakati pa mawondo ndi nthaka, tinaonapo chiyani chachilendo?"

Nduna zinaganiza mozama. Kenaka a Ndavomera anakumbukira kuti pamwamba pa nsapato zofiirira zija pankaoneka kanthu kachikasu, kopindika m'mphepete, kozungulira akakolo. Ena anavomereza kuti nawonso anakaona. Nabiyeni nayenso anali atakaona, ndipo kwawo kanthu kotero ankakatcha sokosi. Anakweza dzanja, koma nthawi ya mafunso inali itaperekedwa kale ku pemphero lotsekera.

Madzulo a tsiku lomwelo wailesi inalengeza tanthauzo lovomerezeka. Kalavati: nsalu yachikasu yomanga mu akakolo posonyeza ulemu. Zikachuluka ndi makalavati. Kugwiritsa ntchito mawuwa mwa njira ina ndi kunyoza komiti.

Kutacha, mumsika wa Tingopirira munalibenso kansalu kachikasu ngakhale kopukutira mphuno. Matelala anadula makatani a m'nyumba zawo. Anyamata a kaunjika ankang'amba madiresi n'kumakuwa kuti, "Kalavati orijino, yochokera kunja, mwendo wachiwiri ulere!" Mayi wina anang'amba yunifolomu ya kwaya, n'kuuza abusa kuti yadyedwa ndi mbuzi. Mawuwo nawonso anayamba kuyenda okha. Bambo amene mkazi wake wamuletsa kupita kumowa ankati wavekedwa kalavati. Wakabaza akagwa ndi njinga, anzake ankamufunsa ngati kalavati yakola mu tcheni.

"Taonani, achemwali," anatero Abiti Sumani akuyang'ana miyendo yake yomangidwa, "tangokhala ngati nkhuku zopita kokagulitsidwa. Kwangotsala kutinyamula chadodolido."

Nabiyeni anaseka, koma mtima wake sunakhazikike. Thukuta la a Sutukesi lija silinkamuchoka m'maganizo, chifukwa munthu satuluka thukuta chotero ponena bodza wamba. Kumadzulo mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo achule a kudooko ankayeserera nyimbo zawo. Choncho m'mawa wa Tsiku la Khutu anamanga makalavati a boma m'miyendo yonse iwiri, kenaka anatenga mpango wake wa kutchalitchi n'kuukulunga m'khosi, kuti kaya zili kumwamba kaya zili pansi, iye apezeke ali momwemo.

Msilikali wa pachipata anamuimitsa.

"Mayi, chimenecho n'chiyani m'khosimo?"

"Chimfine, mwanawe."

"Chimfine lero chilibe chilolezo. Vulani. Komiti yati aliyense wokulunga khosi akufalitsa mphekesera."

Nabiyeni anavula mpangowo n'kuupinda m'chiuno. Anakagwada kutsogolo kwenikweni, pamalo amene amayi anawamenyera chaka chonse. Kumbuyo kwake bwalo linali mbuu ndi chikasu ngati munda wa mpendadzuwa wogwetsedwa ndi mphepo. Nduna ya Chitetezo, pofuna kuposa anzake pa ulemu, inali itamanga miyendo yonse iwiri ndi nsalu imodzi, ndipo inalowa m'bwalomo ikudumpha ngati mpheta.

Nsapato zinatulukira. Zofiirira. Zinayenda mpaka pampando, n'kuima. Zinakhala chiimire nthawi yaitali.

"Ndikuona makosi okhaokha," inatero Mfumu. "Makosi osavala. Makalavati ali kuti?"

Apa panachitika chinthu chimene amene analipo safuna kuchikumbukira. Bwalo lonse linayesa kuonetsa akakolo likadali chogwada, mutu uli pansi. Ena anatambasulira mwendo kumbali ngati agalu. Ena anatembenuka kulozetsa Mfumu kumbuyo, n'kuzindikira mochedwa kuti ulemu wachepa. A Ndavomera anagwa chammbali, koma anapitiriza kuomba m'manja ali chigonere.

Pulofesa Kalongolola anakhosomola, n'kuwerenga tanthauzo lovomerezeka ndi mawu a pawailesi. Atamaliza, Nabiyeni anaona chala chachikulu chikuyamba kugwedera m'kati mwa nsapato ya kumanja.

"Ndiye kuti tsiku lija simunaione," inatero Mfumu motsitsa mawu.

"Tinaiona, wawa!" linayankha bwalo.

"Khutu langa latsekeka. Tidzaonana chaka chamawa."

Nsapato zinatembenuka. Nthawi yomweyo kumadzulo kunagunda bingu, ndipo kamphepo kanabweretsa fungo la dothi lonyowa. Nabiyeni anamva m'kamwa mwake kukoma kwa madzi a Tidzaonamawa, matope ake ndi mchenga wake. Anaganiza za dzinja lina pa bwato lija, ndi kuti tsitsi lake silinamerenso bwino pamene anamukoka paja.

"Bambo, taimani kaye," anatero.

Ndipo anadzutsa mutu. Khosi linalira ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa.

Pamwamba pa mawondo panali munthu. Anali bambo wamfupi, wa imvi, wa maso otopa, tsitsi lake lometedwa ngati munda wolimidwa ndi munthu woledzera. M'khosi mwake munali kansalu kofewa, kofiira moderako, ka madonthomadontho oyera, kokulungidwa kawiri, nsonga zake zitalowetsedwa m'malaya. Mwa madonthowo, ena anali mabowo.

Mfumu nayo inamuyang'anitsitsa. Chilowereni ufumu inali isanaonepo nkhope ya munthu wake. Inkadziwa dazi la a Ndavomera ngati bwalo la pakhomo pake, inkadziwa maduku a amayi onse a mumzinda, koma mphuno inali itaiwala kuti zimasiyana.

"Waiona?" inafunsa monong'ona.

"Ndaiona, wawa."

"Yandikhala?"

Nabiyeni anapendeketsa mutu monga amachitira posankha tomato wa pamwamba pa mulu.

"Mtundu wake wakukhalani. Koma njenjete ndi zimene zinayamba kuivala, ndiponso yapendekera kumanzere."

Mfumu inakweza manja n'kuikoka pang'ono. "Apa?"

"Pang'ononso. Basi, pomwepo. Tsono bambo, ine ndabwerera nkhani ya mlatho. Ife amayi a kutsidya..."

"Wadzutsa maso!" anakuwa a Ndavomera, amene pogona chammbali paja ankatha kuona chibwano cha Nabiyeni chili m'mwamba. "Mayiyu wadzutsa maso! Mwambo, wawa! Chilango!"

"Chilango!" linavomera bwalo, aliyense akusangalala kuti nkhani yachoka pa akakolo ake.

Mfumu inayang'ana Nabiyeni, kenaka inayang'ana misana ya nduna zake, kenaka mitambo ya kumadzulo.

"Mwambo ndi mwambo," inatero. "Unandipeza ndipo ndidzausiya. Pulofesa, tatikumbutsani chilango chake."

Pulofesa Kalongolola anachilakatula monyadira ngati mwana wa sukulu: aperekezedwe wapansi ndi nduna zonse, zitavala zaulemu, ng'oma ikulira, mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Tidzaonamawa. Pofika pa dzina la mtsinjewo mawu awo anayamba kuchepa.

"Wawa," anatero a Sutukesi mwamantha, "ndimamva kuti pamtsinje paja palibe mlatho."

"Pali bwato," anatero a Ndavomera.

"Lamulo likuti wapansi," inatero Mfumu.

"Muli ng'ona, wawa," inalira Nduna ya Chitetezo.

Pulofesa anapempha kuti pakhazikitsidwe komiti yoti iunikenso tanthauzo la mawu akuti wapansi, poti mawu amasintha ndi nthawi.

"Pulofesa, matanthauzo anu atikwana," inatero Mfumu. "Mvula isanagwe, mayiyu akhale ataoloka, inu nonse muli pambuyo pake. Ndatha."

Anthu onse anamva ukali m'mawuwo. Nabiyeni yekha ndiye anaona kuti pakona pa milomo ya Mfumu pankagwedera ngati pa munthu wobisa kuseka, ndipo sikunali kugwedera kwa chala chija.

Chiyambire dziko la Weramani, ntchito ya boma inali isanayendepo chotero. Simenti imene inasowa zaka zambiri inapezeka kuseri kwa nyumba ya nduna ina, itangotsala pang'ono kusanduka mpanda. Zitsulo zinatuluka m'magalaja. A Ndavomera ankafika padooko kusanache kudzakalipira amisiri, diso limodzi lili pa mitambo, lina pa ng'ona imene inkaothera dzuwa pamchenga ikuwayang'ana ngati yawadziwa. Wolakwa uja anamusunga pansi pa mtengo wa pachipata cha nyumba yachifumu, pomwe anapitiriza kugulitsa tomato kwa asilikali omulondera.

Madontho oyamba a mvula anagwa gulu lili pakati pa mlatho watsopano. Patsogolo panali ng'oma, kenaka Nabiyeni atasenza dengu lake, pambuyo nduna zonse zitavala masuti ndi makalavati achikasu mu akakolo, poti tanthauzo lovomerezeka linali lisanafafanizidwe. Atafika kutsidya anamuimika pafupi ndi khola la mbuzi, a Ndavomera n'kulengeza ndi mawu ogwetsa nkhope kuti dziko lamutaya munthu ameneyu. Nabiyeni anathokoza, anamasula mbuzi zake, n'kufunsa ngati olemekezeka angamwe madzi asanabwerere.

M'mawa mwake anadutsa pa mlatho uja ndi amayi anzake, madengu ali pamutu, mapazi ali ouma. Kumapeto kwa mlatho anapeza msilikali yemwe uja wa chimfine.

"Mayi, si inu tinakuthamangitsani dzulo?"

"Ndine ndemwe. Lamulo likuti mukandisiye kutsidya. Simunandisiye?"

"Tinakusiyani."

"Ndiye mwagwira ntchito, mwanawe. Tenga tomato uyu ukapatse akazi ako."

Komiti ya Pulofesa Kalongolola inakana umboni wa Nabiyeni wonena kuti kalavati ndi kansalu ka m'khosi, poti umboniwo unapezeka mophwanya mwambo. M'buku la matanthauzo la boma mawuwa akadali mu akakolo mpaka lero, ndipo komiti ikukumanabe kuphiri. Koma mumsika wa Tingopirira mawuwa anapeza ntchito ina. Kalavati ndi chinthu chilichonse chimene anthu amachiombera m'manja asanachione. Mukafunsa ngati kuchipatala kwafika mankhwala amene analengezedwa pawailesi, amakuyankhani kuti, "Kalavati, bambo." Mukafunsa za feteleza wotsika mtengo, yankho ndi lomwelo.

Tsiku lina malonda atazizira, Abiti Sumani anasendera pafupi ndi benchi ya mnzake, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Achemwali, za kansaluzo zisiyeni. Tandiuzani zoona. Kumwambako kuli chiyani?"

"Kuli munthu, Abiti."

"Bodza!"

"Munthu ngati amuna anu omwewa. Mphuno, maso, imvi. Makutu awiri."

Abiti Sumani anasiya kuunjika usipa, n'kuika manja m'chiuno.

"Awiri? Nanga bwanji amatipatsa limodzi lokha, kamodzi pachaka?"